Wall yanu ikungofa msanga pa Showdown? Tiyeni tione komwe magazi akuthera

Loweruka lapitali mphwanga anabwera pa shopu pomwe ndimakonza mafoni kuno ku Kasungu boma, nkhope ili ndwii, foni ili m'manja, asanapereke ndi moni womwe akuti "achimwene taonani izi, Dondozo imeneyi anthu amangoitama zabodza, yafa ndi chibakera chimodzi chokha." Dandaulo limeneli si lachilendo, anzathu omwe timasewera nawo Pokémon Showdown, gemu ya pa intaneti yomenyanitsa ma Pokémon, wina wa ku Santhe wina wa ku Chulu, onse anadutsamo, wayika wall mu timu poganiza kuti tsopano wapeza chitetezo koma gemu iliyonse wall ija ndi yomwe ikuyamba kugwa kapena ikugwa nthawi yomwe imafunika kwambiri.

Kwa amene mwangoyamba kumene, wall ndi Pokémon yomwe ntchito yake si kumenya koma kulandira zibakera m'malo mwa anzake, monga Toxapex, Blissey, Corviknight, Dondozo, Clodsire. Ndikukamba za Gen 9 OU (OverUsed, gulu la ma Pokémon ogwiritsidwa ntchito kwambiri), Gen ija ya Scarlet ndi Violet yomwe inatuluka mu November 2022, aliyense Pokémon 6 koma pabwalo imodzi imodzi, malamulo a Smogon, gulu la osewera lomwe limaika malamulo a mpikisano.

Ndiye ndinamuuza mphwangayo kuti khala pa benchipo, tsegula replay, tiyambire pa turn yoyamba osati pomwe yafera.

Zinayenda chonchi. Dondozo yake inali ndi Heavy-Duty Boots, item yoteteza ku misampha ya polowa pabwalo, zomwe zili bhobho. Koyambirira kwa gemu mdani anatulutsa Great Tusk, iye nkulowetsa Dondozo, Tusk nkumenya Knock Off, move yomwe imagwetsa item ya mnzako. Magazi anatsika pang'ono chabe, anafika pa 86%, ndipo mphwanga anasangalala kuti mwaona sizinapweteke, osadziwa kuti ma Boots apita. Kenako mdani anayala Stealth Rock ndi Spikes imodzi, amenewa ndi ma hazard, misampha yomwe imachotsa magazi Pokémon ikamalowa pabwalo. Patsogolo pake kunabwera Dragapult, iye mwamantha nkulowetsanso Dondozo yomweyo, polowa pokha 25% inachoka, Dragapult nkungopanga U-turn, move yomenya nkutuluka, kuchotsanso 8%, tili pa 53%. Sanapange Rest, move yogona nkudzaza magazi, anaitulutsa. Kumapeto mdani watsala ndi ziwiri, watulutsa Kingambit anzake anayi atafa kale, apa ndi pomwe Dondozo inayikidwira mu timu, koma polowa 25% ina yachoka, yatsala ndi 28%, Kowtow Cleave imodzi basi yagona. Kingambit nkusesa timu yonse.

Ndinamufunsa kuti iwe, pa magazi 100 aja Kingambit yadya angati? Anawerenga nkupeza kuti 28 okha. Ena onse 72 anapita mwakachetechete. Zili ngati chimanga cha m'nkhokwe, tsiku lomwe mwapeza kuti chatha mumathamangira kuganiza za wakuba pamene anankafumbwe akhala akudya kuyambira mwezi wa June. Dondozo yodzadza magazi, Kowtow Cleave yomweyo ikanachotsa pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu, ndipo Swords Dance yokweza Attack siyiopsa chifukwa Unaware, ability ya Dondozo, siyiwerengera ma boost a mdani. Koma apa chenjerani, Unaware siyithetsa Supreme Overlord, ability ya Kingambit ija yowonjezera mphamvu 10% pa mnzake aliyense amene wafa, chifukwa imeneyo si boost ya ma stat, imalowa mu mphamvu ya move. Ndiye Kingambit yakumapeto imamenya mopweteka ngakhale pa Dondozo, mukufunika mufike nayo ili ndi magazi.

Vuto lalikulu: magazi otha polowa

Pano ndichedwapo chifukwa magemu ambiri omwe ndaona anzanga akuluza, nkhani yake ndi yomweyi. Ma number ake muwasunge pamtima. Stealth Rock imachotsa 12.5% kwa Pokémon wamba, 25% kwa yomwe imaopa Rock, ndipo theka lathunthu kwa yomwe imaopa Rock kawiri ngati Moltres. Spikes imodzi ndi 12.5%, ziwiri ndi pafupifupi 16.7%, zitatu ndi 25%. Tsono Leftovers yomwe ambiri mumaikonda imabweza 6.25% pa turn, kutanthauza kuti mukalowa pa Stealth Rock ndi Spikes imodzi mukufunika ma turn 4 kungobweza zomwe zatayika pakhomo, mdani asanakumenyeni nkomwe. Ndipo wall mwachibadwa chake imalowa ndi kutuluka kambirimbiri kuposa Pokémon ina iliyonse mu timu, ndiye ndi yomwe imalipira kwambiri.

Ena amati ine ndili ndi Toxapex, Regenerator imandibwezera magazi ndikatuluka. Zoona, imabweza gawo limodzi mwa atatu, 33%. Koma tawerengani, Stealth Rock ndi Spikes zitatu pamodzi ndi 37.5%, ndiye mukulowa ndi ngongole, Regenerator yonse yathera pakhomo ndipo chibakera cha mdani chikubwera pamwamba.

Chochita ndi chiyani? Choyamba wall yoyenda pansi, yopanda Magic Guard, ability yomwe imatchinga ma hazard, ipatseni Heavy-Duty Boots pokhapokha ngati muli ndi chifukwa chenicheni chosaipatsira. Chachiwiri, ndipo apa ndi pomwe mphwanga anaphonya, ma Boots amenewo muwateteze. Musanayambe gemu sankhani mu timu mwanu kuti ndani azilandira Knock Off. Gliscor ikangoti Toxic Orb yake yaipatsa poizoni, item ija ilibenso nayo ntchito, Poison Heal izipitiliza kubweza 12.5% pa turn, ndiye ilandire Knock Off mmene ingathere. Clefable ya Magic Guard nayo ma hazard sayikhudza. Corviknight ikataya Leftovers kapena Rocky Helmet zimawawa koma Spikes siziyifika chifukwa imauluka. Koma Dondozo, Blissey, Alomomola, izi zikataya ma Boots pa bwalo lodzadza Spikes, moyo wake wafupika ndi theka.

Chachitatu ndi kuchotsa ma hazard, ndipo ndikudziwa ena mwati kale "nanga Gholdengo?" Eeh, Gholdengo ndi mutu wopweteka wa Gen 9. Ndi ya Ghost ndiye Rapid Spin yochotsera ma hazard siyigwira, komanso ability yake Good as Gold imakana ma status move ndiye Defog ya Corviknight imangolephera. Anthu oyala Spikes ndi Ting-Lu, Gliscor kapena Samurott ya ku Hisui ija ya Ceaseless Edge pafupifupi nthawi zonse amayenda ndi Gholdengo kumbuyo. Ngati wochotsa ma hazard wanu ndi Corviknight yokha, mukakumana ndi timu yotere mwagwidwa. Great Tusk ndiyabwinoko chifukwa Gholdengo imaopa Ground ndi Dark yomwe, ndiye m'malo mothamangira Rapid Spin pa turn yoyamba, menyani Knock Off kapena Headlong Rush pomwe mukuganiza kuti ikulowa, kungoti yang'anani kaye ngati ili ndi Air Balloon, game imalemba ikamalowa, ikakhala nayo Ground siyigwira mpaka balloon itaphulika. Cinderace ya Court Change imangosinthanitsa zonse, za mbali yanu kupita kwa mdani, za mdani kubwera kwanu, ndipo Gholdengo singaletse. Hatterene ya Magic Bounce imabweza zisanayalidwe nkomwe, kupatula Spikes za Ceaseless Edge. Toxic Spikes zokha ndi zosavuta, lowetsani Toxapex kapena Clodsire zimachoka zokha poti ndi za Poison zoyenda pansi.

Mwaimika wall mbali yolakwika

Ili ndi lachidule koma limapha anthu atsopano tsiku ndi tsiku. Palibe wall yotchinga zonse. Blissey ili ndi base HP 255 ndi Special Defense 135, Draco Meteor kapena Hydro Pump imangomwa ngati thobwa, koma Defense yake ndi 10, teni yokha, Close Combat imodzi nkhani yatha. Dondozo ndi mbali inayo, HP 150 Defense 115 koma Special Defense 65, mukayiyimika kutsogolo kwa Raging Bolt mwayitaya dala. Ndipo pali ma move onyenga, Psyshock ndi special koma imamenya pa Defense, ndiye Blissey yomwe mumayesa ili pabwino imadzidzimuka.

Pa ma EV, mapointi omwe mumagawira ma stat popanga timu, pali chinthu chomwe ambiri amalakwitsa pa Blissey, amathira 252 mu HP poganiza kuti magazi ambiri ndiye chitetezo. Tawerengani pa level 100, HP yopanda EV ndi 651, mukathira 252 imafika 714, kusiyana kwake kochepa. Koma Defense yopanda EV ndi 56, mukathira 252 imafika 119, kuposa kawiri. Ndiye ma EV amapita ku Defense. Pa ma wall ena ambiri omwe HP yawo ndi yochepa, ngati Toxapex ya base HP 50, ndi HP yomwe imayamba kudzadzidwa. Nature nayo musaiwale, Bold ndi Impish zimakweza Defense, Calm ndi Careful zimakweza Special Defense, ndipo musankhe yomwe ikutsitsa stat yomwe simukugwiritsa ntchito, musayike Bold pa Corviknight ya Brave Bird.

Ma wall amayenda awiriawiri. Toxapex imaopa Ground, Psychic ndi Electric. Corviknight Ground siyiyikhudza, Psychic imapirira, ndiye zimagwirizana bwino, koma zonse ziwiri zimaopa Electric, kotero wachitatu akhale wa Ground, kaya Great Tusk kaya Ting-Lu kaya Clodsire. Mukamapanga timu dzifunseni pa wall iliyonse kuti chomwe chimaipha ichi chikabwera ndithawira kwa ndani, ngati yankho palibe timuyo sinathe.

Wall yangokhala, mdani akukula pamaso panu

Iyi imawawa kwambiri chifukwa wall yanu siyikufa, ili ndi magazi odzadza, koma mukuluza gemu mukuona. Mwalowetsa Blissey pa Gholdengo, move yanu yomenyera ndi Seismic Toss yokha, imeneyo ndi ya Fighting siyigwira Ghost, Thunder Wave nayo yakanidwa ndi Good as Gold, ndiye mnzanuyo akungopanga Nasty Plot kamodzi kawiri katatu inu mukungoyang'ana. Nchifukwa chake ma Blissey ambiri masiku ano amanyamula Shadow Ball kapena Flamethrower, ena mpaka Calm Mind. Dziwaninso kuti ma set akale omwe mungawapeze a Gen 7 kapena Gen 8 ambiri sakugwiranso, Toxapex mu Gen 9 ilibe Scald ilibenso Knock Off, Blissey ilibe Toxic.

Lamulo langa ndi loti wall iliyonse ikhale ndi njira yolangira munthu amene akufuna kukulira pamaso pake. Toxapex ikhale ndi Haze, imafufuta ma boost onse pabwalo. Ting-Lu kapena Skarmory ikhale ndi Whirlwind, imamuthamangitsa ndipo wolowayo amaponda ma hazard anu, kungoti Whirlwind imayenda pomaliza ndiye muyenera kupirira kaye chibakera. Dondozo ndi Clodsire zili ndi Unaware. Corviknight ikhoza kukhala ndi Iron Defense ndi Body Press, move yomwe imamenya pogwiritsa ntchito Defense yanu, ndiye mukamalimba ndi pomwenso mukumenya kwambiri.

Ndiye pali ma move anayi omwe anapangidwira kuzunza ma wall, muwadziwe ndi eni ake.

Taunt imakutsekani ma status move onse kwa ma turn 3, palibe Recover palibe Toxic palibe Haze. Woopsa kwambiri ndi Heatran, imayamba ndi Magma Storm yomwe imakutsekerani kuti musatuluke uku ikudya 12.5% turn iliyonse, kenako Taunt, kenako Earth Power ngati ndinu Toxapex. Ndaonapo Blissey yodzadza magazi ikufa chonchi osachita kanthu. Mukaona Heatran pa team preview, pomwe mumaona timu ya mdani gemu isanayambe, musalowetse wall yanu mwachisawawa, lowetsani chinthu chomwe chikhoza kuyiopseza ndi Ground, Heatran imaopa Ground kanayi.

Substitute imadya 25% ya magazi a mwini wake koma imatchinga Toxic, Thunder Wave ndi Will-O-Wisp. Ngati move yanu yomenyera singathyole Substitute ndi chibakera chimodzi, musalimbane nayo, tulukani nthawi yomweyo mupite kwa amene angathyole, turn iliyonse yomwe mukuchedwa ndi mphatso kwa mdani.

Encore imakukakamizani kubwereza move yomwe mwangopanga kwa ma turn 3. Mwapanga Recover, Iron Valiant yalowa, Encore, basi mukungopanga Recover pa magazi odzadza uku PP, nambala ya maulendo omwe move ingagwiritsidwe ntchito, ikutha iye akupanga zake. Yankho ndi kutuluka basi, Encore imatha mukatuluka.

Trick ndiye imalemaza wall gemu yonse. Gholdengo kapena Rotom-Wash ya Choice Scarf imakupatsani Scarf ija nkutenga ma Boots anu, kuyambira pamenepo mukasankha move imodzi mwakakamira pomwepo mpaka mutatuluka. Mukaona kuti Pokémon ya mdani yathamanga kuposa mmene imayenera kuthamangira, dziwani kuti ndi Scarf ndipo Trick ikhoza kukhalapo, ndiye mukamaganiza kuti ikubwera lowetsani Pokémon yanu yomwe ili kale ndi Choice item kapena Ogerpon, chigoba chake sichichotsedwa.

Ndiwonjezere Garganacl, chifukwa Salt Cure yake imadya 12.5% pa turn koma kwa Water ndi Steel imadya 25%, ndipo taonani ma wall athu ambiri ndi a Water kapena Steel, Toxapex, Dondozo, Corviknight, Alomomola. Musakhalitse pamaso pake, mukatuluka mchere uja umachoka. Ngati ikukuvutani kwambiri pa ladder, Covert Cloak pa Pokémon imodzi imatchinga zimenezi.

Nthawi yopangira Recover

Kale Recover, Roost, Soft-Boiled ndi Slack Off zinali ndi PP 16. Mu Gen 9 anazidula, ndi 8 basi, Rest nayonso 8. Anthu ambiri akuseweranso ngati akadali ndi 16, akangomenyedwa pang'ono ali pa 85% apanga kale Recover, pamene move imeneyi imabweza 50%, ndiye 35% yapita pachabe ndipo PP imodzi mwa 8 yatha. Pofika turn ya 40 alibe kanthu. Ena ndi a mbali inayo ngati mphwanga, amadikira mpaka afike pa 30% ndiye nkumati ndipanga Recover ndikalowanso, osawerengera kuti polowa pali msonkho.

Mmene ndimachitira ine ndi chonchi, ndimayang'ana chibakera chachikulu chomwe wall yanga iyenera kudzalandira kutsogolo, ndikuphatikiza ndi ma hazard, ndiye ndimadziwa mzere womwe sindiyenera kutsika. Mwachitsanzo ngati ndikudziwa kuti Kingambit idzandichotsa 35% kawiri ndisanayigwetse ndipo pakhomo pali 12.5%, ndiye wall yanga isatuluke pabwalo ili pansi pa 85%. Ma number amenewa simukuyenera kulota, damage calculator ya Showdown ndi yaulere, imatseguka pa foni, muzicheza nayo musanayambe gemu, sankhani Pokémon 5 zomwe zimakuvutani muone kuti iliyonse imachotsa zingati. Ndipo nthawi yabwino yochira ndi pomwe mdani akukakamizika kutuluka, mwalowetsa Toxapex pa chinthu chomwe sichingayipweteke, iye atuluka ndithu, turn imeneyo ndi yaulere, ndiye musankhe mwanzeru pakati pa Recover ndi Toxic, osangodina Toxic nthawi zonse pamene wolowayo mwina ndi wa Steel yemwe poizoni samugwira.

Ka chinthu kena kakang'ono ka Roost komwe kanandipweteka ine ndisanakadziwe, Corviknight ikapanga Roost imataya type ya Flying pa turn imeneyo. Ngati mdani ali wothamanga kuposa inu palibe vuto chifukwa wamenya kale. Koma ngati ali wochedwa, ngati Ting-Lu kapena Clodsire, inu mwayamba Roost mwatera pansi, Earthquake ikubwera pambuyo ndipo ikugwirani ngati Steel wamba, mopweteka kawiri.

Za Rest pa Dondozo, mumagona ma turn awiri, ndiye Sleep Talk ikhalepo kuti musangokhala chigonere, ndipo muzipanga Rest pamaso pa chinthu chomwe sichingakupheni, osati pomwe zinthu zavuta kale. Pa replay ya mphwanga, Dragapult itapanga U-turn kunalowa Great Tusk yomwe ija, Dondozo ili pa 53%, pamenepo ndi pomwe panali pa Rest, Tusk sikanayichita kanthu koopsa. Iye anaona ngati kutaya nthawi.

Tera

Tera, kusintha type ya Pokémon yanu, ndi kamodzi pa gemu yonse ndiye kuyiwotcha pa wall kumafuna kuganiza. Nthawi zina ndi yomwe imapulumutsa gemu, Dondozo yasintha type pamaso pa Ogerpon kapena Rillaboom, Grass ija sikupwetekanso. Koma kumbukirani zomwe mukutaya. Toxapex ikachoka pa Poison ikhoza kugwidwa ndi Toxic, ndipo ngati yanyamula Black Sludge, item ija imatembenuka nkuyamba kukudyani 12.5% turn iliyonse. Corviknight ikachoka pa Flying, Earthquake ndi Spikes zayamba kuyifika mpaka gemu kutha. Ndiye musadine Tera chifukwa cha mantha a turn imodzi, dzifunseni kuti Pokémon zotsala za mdani zija zidzandiona bwanji ndi type yatsopanoyi. Komanso mdani naye ali ndi Tera yake, Kingambit yomwe mukuyembekeza kuyigwetsa ndi Body Press poti imaopa Fighting kanayi ikhoza kusanduka Flying, Fairy kapena Ghost, nchifukwa chake ndimakonda Dondozo yanga ikhale ndi Curse yokweza Attack ndi Defense komanso move ya Water, osadalira Body Press yokha.

Team preview, masekondi omwe ambiri amangowadumpha

Akuluakulu a bawo pansi pa mtengo paja pafupi ndi msika, taonani mmene amachitira, sanyamula nkhomo asanawerenge kuti dzanja likathera pati. Ifenso gemu isanayambe timapatsidwa mwayi woona Pokémon 6 zonse za mdani, koma ambiri amangodina yoyamba nkuyamba. Pamenepo ndi pomwe wall imapatsidwa ntchito. Yang'anani zisanu ndi imodzi zija mufunse kuti ndi iti yomwe ingandisesere timu, ndipo ndani mu timu mwanga angayiyimitse. Ngati yankho ndi Kingambit ndipo woyimitsa ndi Dondozo yokha, ndiye Dondozo ndi ya Kingambit basi, Great Tusk ikabwera apite wina, Dragapult ikabwera apite wina, ngakhale zitatanthauza kuti Pokémon ina ifa. Zimawawa kupereka Pokémon yomwe ikadali ndi magazi, koma bola kutaya imodzi yomwe ntchito yake yatha kusiyana ndi kufoola yomwe yagwira gemu yonse. Ndipo mbali inayo ndi yoonanso, ngati mwaona kuti mu timu ya mdani mulibe chomwe Blissey yanu ikutchinga, onse ndi omenya physical, musayisunge ngati dzira, igwiritseni ntchito kuyala Stealth Rock kapena kuponya Thunder Wave kenako ife m'malo mwa ina yofunika.

Kulowetsa wall sikuti nthawi zonse muzichita kulandira chibakera. U-turn, Volt Switch, Flip Turn ya Alomomola, Chilly Reception ya Slowking ya ku Galar, izi zikachokera kwa Pokémon yochedwa, iyo ndi yomwe imalandira chibakera kenako mnzake amalowa mwaulere. Corviknight yochedwa ya U-turn ndi chuma pa nkhani imeneyi. Ndipo wall payokha siwina gemu pokhapokha mukusewera stall yeniyeni, timu ya ma wall okhaokha, ntchito yake ndi kugula ma turn, ndiye kumbuyo kukhale wina womaliza ntchito, apo ayi mudzapirira ma turn 70 nkuluzabe chifukwa critical hit imodzi idzabwera ndithu mukapatsa munthu mwayi womenya kambirimbiri.

Za kwathu kuno: batire, netiweki ndi timer

Izi anzathu akunja saziganiza koma ife zimatiluzitsa magemu. Timu ya ma wall ambiri imatalikitsa gemu, ma turn 60 kapena 80 si zachilendo, pamene timu yomenya imamaliza pa ma turn 20. Tsono magetsi akazima masana onse foni ili pa 15%, kapena muli kumudzi komwe netiweki imabwera nkumapita, mdani akangoyatsa timer inu nkuduka kwa mphindi zingapo, gemu yapita ngakhale munali patsogolo. Ine zinandichitikira nthawi ya fodya ndili kumudzi kothandiza madala ku chigafa, ndinali nditamufoola munthu bwinobwino ndi Toxic, watsala ndi ziwiri zodwala, netiweki nkuthawa, pobwerera ndapeza gemu yatha. Kuyambira pamenepo ndikakhala malo ovuta ndimasewera timu ya balance, ma wall awiri okha ndi omenya, stall ndimayisiyira ndikakhala pa boma foni ili pa chaja. Showdown siyidya bandulo kwambiri, koma mu settings zimitsani ma animation ndi nyimbo, foni siyitentha ndipo batire imakhalitsa. Mukaduka musataye mtima msanga, tsegulaninso tsambalo mulowe ndi dzina lomwelo, gemu imakhala ikukudikirani ngati nthawi sinathe. Ndipo gemu iliyonse yomwe wall yafa mosadziwika bwino, sungani replay, muyionenso muli ndi pepala, muzilemba magazi pa kulowa kulikonse ngati mmene tinachitira pa benchi paja.

Timu ya mphwanga tinayikonza tsiku lomwelo, sitinasinthe zambiri. Dondozo inakhala momwemo ndi ma Boots ake, tinachotsa Pokémon imodzi yomenya yomwe inkangobwereza ntchito ya inzake nkuyikapo Gliscor kuti izilandira Knock Off komanso Electric, Great Tusk yake tinayipatsa Rapid Spin yomwe analibe. Gemu yachitatu anakumananso ndi Kingambit yakumapeto, ndinamuona chala chikupita pa Dondozo pa turn ya 6 pomwe Tusk ya mdani inatuluka, ndinangoti "iwe, imeneyo ndi ya ndani?" nkubweza chala, nkulowetsa Gliscor. Kingambit itabwera Dondozo inali pa 100%, mdani anapanga Tera Flying, mphwanga nkupanga Curse kawiri, Rest kamodzi, nkuyimaliza ndi Waterfall.

Chomwe chatsala pa timu imeneyi ndi Ogerpon ya Wellspring, Water Absorb ikumwa Waterfall ya Dondozo, Grass yake ikupweteka Dondozo yomweyo, Ivy Cudgel ikugwetsa Gliscor ndi Tusk. Loweruka likubwerali tikufuna tiyese kuyikapo Pokémon ya Dragon kapena Grass yolimba pa Defense m'malo mwa Blissey tione ngati mbali ya special siyitseguka kwambiri, ndamuuza abwere ndi ma replay asanu ndi pepala lake.